Phala la Jesinta

"Tchula dzina basi, mlamu. Dzina lokha. Ife sitifuna zambiri."

Magdalena anali atamukweza mwanayo m'mwamba ngati nsomba ya malonda, akumutembenuza uku ndi uku kuti mlongo wake Sebastiano aone bwino. Panalibe chofunika kuonetsa kawiri. Masaya a Jesinta anali psuu ngati opsa ndi madzi otentha. Kuseri kwa mawondo ndi m'khosi khungu linali litang'ambikang'ambika, likutuluka timadzi tomata nsalu. Mwana woti wangoyamba kukwawa, koma m'zikhadabo zake munali kale magazi ake omwe.

"Ndilibe dzina loti nditchule, alamu," anayankha Esinala, mayi wa mwanayo. Anali atakhala pakhonde, miyendo atatambasula, akusenda nyika, timizu todyedwa ta maluwa a m'madzi, zimene anakazula kudambo. Sanakweze mawu. Yankho limeneli anali atalinena kambiri mwakuti linkangotuluka lokha.

"Nkhabe, ayi! Usandiyese mwana ine. Ndabereka, ndaika m'manda, matenda a ana ndiwadziwa. Ili ndi tsempho. Mwamuna wako wakhala ku Zambezi kudula nzimbe za azungu kuyambira mwanayu ali wakhanda, wangofika dzuloli. Nanga wamusempha mwana ndani? Ine?"

"Ndi mtedza, alamu. Mtedza uli kumuwenga."

"Wamva, Sebastiano? Izi ndizo ndakhala ndikumva ine iwe kulibe. Mtedza! Pamtundu pathu pano ndani adawengedwapo ndi mtedza? Iweyo udakulira chiyani? Ine ndimasenza nsomba zouma pamutu pangapa, kukwera nazo mapiri a ku Chididi, kukasinthitsa ndi mtedza kuti mwana wako anenepe, ndiye mkazi wako ali kunena kuti ndimabweretsa chiphe m'nyumba."

Sebastiano anali atakhala pa mtondo wogwetsa, akuzunguza chipewa chake chatsopano pabondo. Anayang'ana mwana, anayang'ana chipewa, n'kusankha chipewa.

Tsempho aliyense m'chigwa cha Shire ankalidziwa. Mwana akadali kubere, bambo kapena mayi akayenda ndi wina kunja, n'kubwera kudzamugwira kapena kudzathira mchere m'ndiwo, mwanayo amatupa, kutsokomola, n'kumangofota. Mwambowo umati bambo kapena mayi. Koma mwambo ukafika pakamwa pa anthu umatsimphina mwendo umodzi, ndipo kumudzi kwawo kwa Nyachikadza kuja palibe amene adafunsapo mwamuna kuti atchule dzina.

"Bambo a Jesinta," anatero Esinala, "ndiloleni ndikuuzeni zimene ndidaona ndi maso anga. Madzi atasefukira chaka chino, tonse tidathawira pachulu chachikulu chija. Mwezi wathunthu tinkadya nyika ndi nsomba basi, mtedza kunalibe ngakhale kambewu kamodzi. Mwanayu adachira. Khungu lidasalala, ankagona mpaka mbandakucha. Madzi ataphwa, alamu atabwera ndi mtedza, ine nditadya ndiwo zotendera n'kumuyamwitsa, m'mawa mwake masaya ndi awa."

Magdalena anaseka, kuseka kopanda mano.

"Wadzigwira wekha. Pachulu paja tinkagona mulu umodzi ngati ana a galu, aliyense ankaona mnzake. Ukadakumana naye pati mwamuna wakoyo? Mwana adachira chifukwa iwe udasowa poyendera. Madzi ataphwa, njira zidatseguka."

 Umboni umene Esinala ankaudalira unali utatembenuka ngati bwato, iye ali momwemo. Anatola nyika ina n'kuyamba kusenda.

Iyeyu anali Mmang'anja wa ku Kasisi, kumene mwamuna ndiye amapita kukamanga kwa mkazi, ndipo akachita mwano amamunyamulitsa mphasa yake. Koma iye adakwatiwa kwa Asena, chuma chidaperekedwa, ndipo mwana anali wa kuchimuna. Malume ake anali kutali, ulendo wa masiku pa bwato. Kuno analibe munthu woti n'kumuyang'ana pamene mawu amuthera.

Masabata otsatira anayenda ngati madzi a padambo, osadziwika ngati akupita kapena aima. Esinala analeka kudya ndiwo zilizonse zotendera, ankangosunsa nsima ya mapira m'madzi a mchere. Magdalena anauza akazi anzake kudoko kuti wolakwa amaopa mbale ya anzake. Esinala ankamusambitsa mwanayo ndi madzi ofunda, kumudzoza mafuta a nsatsi, n'kumumanga tinsanza kumanja kuti asadzikande. Akangopita kudimba, Magdalena ankamasula tinsanzato n'kumudzoza mafuta a mtedza mpaka kung'anima, akumuimbira nyimbo ya Chisena.

Tinene zoona, Magdalena sanali mfiti. Ana ake atatu anali kumanda, mwamuna wake adapita kukasenza katundu wa asilikali pa nkhondo ya Jeremani osabwererako. Jesinta ankamukonda ndi mtima wonse, ndipo chikondi cha munthu wosamva n'choopsa kuposa chidani.

Tsiku lina Magdalena anamunyambititsa mwanayo kachala kamodzi kokha ka nsinjiro. Milomo ya mwanayo inatupa nthawi yomweyo, anasanza, analira mpaka mawu kusasa. Esinala anabwera akuthamanga khasu lili m'manja.

"Mwaona, alamu? Mwaona tsopano?"

"Ndaona," anatero Magdalena. "Ndaona kuti wangofika iwe, mwana n'kubanika."

Kuyambira pamenepo akazi a pamudzipo analeka kupempha moto kwa Esinala. Akafika kudoko, mitsuko inkasendera kumbali. Iye sanalire, sanatukwane. Ankatunga madzi ake, kusenza, n'kubwerera. Mtima wake unali utachita dzanzi ngati mwendo wougonera.

Mmawa wina Sebastiano anamuitana kuti akamuthandize kuyanika ukonde kumchenga. Chibwerere ku Zambezi, aka kanali koyamba kuti akhale awiriwiri. Patali sitima ya pamadzi inkakwera Shire, utsi uli tolotolo. Mwamunayo anaiyang'ana mpaka inabisika m'bango.

"Make Jesinta," anayamba motero, maso ali pa ukonde, "ine ndikudziwa kuti iwe sudayende ndi munthu."

Esinala anaima chilili, chingwe chili m'manja.

"Mukudziwa?"

"Ndikudziwa."

"Nanga masiku onsewa achemwali anu ali kundivula pamaso pa anthu, pakamwa panu panali chiyani?"

Sebastiano anakoka mfundo yomwe inali yomangika kale.

"Ku Zambezi n'kutali, iwe. Chaka n'chachitali. Kumeneko kudali mkazi wina ankatiphikira... Nditabwera ulendo woyamba uja, mwana ali wakhanda, ndidamunyamula ndisadasambe mankhwala. Ine usiku sindigona. Akamalira, ndimadziwa kuti ndine."

Esinala anadikira kuti mkwiyo ubwere. Sunabwere. Anangoona kuti mwamuna wake ali ndi imvi kuseri kwa khutu zimene sanazionepo.

"Si inu," anatero. "Si inu, si ine. Ndi mtedza. Koma ngati mukuti ndi inu, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pitani mukawauze achemwali anu."

"Ndikawauze bwanji? Adandilera ndi iwowa mayi atamwalira. Ndi iwo adasonkhanitsa chuma chokutengera iwe. Ndiime pamaso pawo ndinene kuti ndapha mwana wanga? Tamvera. Sing'anga wa kutsidya uja sapereka mankhwala a tsempho wina asadavomere. Koma mankhwalawo ndi amodzimodzi, kaya wavomera ndiwe, kaya ndine. Ukavomera iwe, mwana amwa, achira, nkhani ithera m'nyumba. Ine sindingakusiye, ndikudziwa chilungamo chako."

"Ndisenze ine katundu wanu."

"Chifukwa cha mwana, make Jesinta."

Mkaziyo anayang'ana madzi. Dzina lake pamudzipo linali litatha kale, panalibe chotsala choti ateteze. Chimene chinatsala ndi Jesinta. Ndipo anaona kuti kwa nthawi yoyamba ali ndi kanthu m'manja koti n'kusinthanitsa.

"Ndivomera," anatero. "Koma mulumbire pano. Mtedza usadzalowenso m'kamwa mwa mwana wanga, ngakhale pakhungu pake. Muwaletse achemwali anu, inu mwini, ndi mawu anu."

"Ndalumbira. Pali mayi anga kumanda."

Analumbira msanga kwambiri. Esinala anazimva, koma munthu womira amagwira ngakhale bango lothyoka.

Sing'anga anabwera patapita masiku awiri, bambo wamfupi wa ndevu za mbuzi, thumba lake la chikopa lili kukhwapa. Anakhala pansi pa mtengo wa masawu. Akazi oyandikana nawo anabwera kudzabwereka lichero, ena kudzabweza chipande, ndipo palibe amene anachoka.

Esinala anagwada. Anati anali munthu wa pasitima, wogula nkhuni, dzina sakulidziwa. Anasankha munthu woti kulibe kuti pasapezeke wina wokamenyedwa chifukwa cha bodza lake. Ananena ngati akuwerenga nsomba pa thandala. Akazi aja anati "Hiii!" ngakhale kuti aliyense ankati adadziwa kale.

"Pyadidi, zakhala bwino," anatero Magdalena, misozi ili m'maso. "Mawu a akulu akoma akagonera. Ukadanena kale, mwana sakadavutika chonchi." Kenako anatembenukira kwa mlongo wake. "Iwe pepa. Walimba mtima."

Sebastiano anagwedeza mutu, kulandira chipepesocho.

Sing'anga anatulutsa mizu yopera n'kuipereka kwa Magdalena.

"Muthire m'phala la mwana, adye lonse lero lomwe dzuwa lisadalowe. Koma tamverani lamulo lake. Mayiyu ndi wotentha. Mpaka mankhwala atagwira, asakhudze mphika wa mwana, asakhudze mchere, asamuyamwitse, asamunyamule. Akhale patali. Phala aphike wina wa manja ozizira."

Pamenepo m'pamene Esinala anaona dzenje limene anadzikumbira yekha. Lamulo limeneli ankalidziwa kuyambira ali namwali, anamkungwi adamuuza kuchinamwali. Koma maganizo ake onse anali pa mtedza, ndipo anaiwala kuti wovomera tsempho amalandidwa mthiko. Masabata onsewa chimene chinkamuteteza Jesinta ndi manja a mayi ake pa mphika. Manja amenewo anali atawapereka yekha, atagwada, pamaso pa mboni.

"Bambo a Jesinta," anaitana. "Lumbiro lija."

Sebastiano anatsokomola. "Achemwali, phalalo... mwina musathire nsinjiro."

"Ukundiphunzitsa kuphika iwe?" Magdalena anamuyang'ana ndi diso limodzi. "Talawa muzuwu. Ukuwawa ngati ndulu. Mwana angameze bwanji popanda kanthu kokometsera? Komanso wamva wekha ndi makutu ako kuti sudali mtedza. Mwini wake wavomera."

"N'zoona," anatero Sebastiano. 

Anamukhazika Esinala kuseri kwa nkhokwe, kumene sakadaona pakhomo. Koma makutu sakhala kuseri. Anamva munsi ukugunda mumtondo. Mapira akamasinjidwa amalira mowuma, khokhokho. Uku kunali kulira kwina, kofewa, konyowa, kwa mbewu ya mafuta yomatirira kumunsi. Mkazi aliyense amakudziwa kulira kumeneko ngakhale ali m'tulo.

Anakhala, akudziuza kuti mwina n'za ndiwo. Anamva nkhuni zikuthetheka. Anamva mthiko ukukanda mphika. Kenako fungo linamupeza.

Anadzuka n'kuthamanga. Sebastiano anamugwira pakati pa bwalo, manja onse m'chiuno.

"Ndisiyeni! Alamu, chonde, musamupatse! Ndanama! Kulibe munthu wa pasitima, ndanama ine!"

"Mugwire!" anakuwa Magdalena. "Akamukhudza mwana amupha. Tsopano akufuna kubweza mawu kuti mankhwala asagwire."

"Bambo a Jesinta, nenani! Nenani zimene mudandiuza kumchenga!"

Mwamunayo anamugwira molimba, nkhope ataiika pamsana pa mkazi wake kuti asaonane ndi munthu.  Manjawo sanamasuke, pakamwa sipanatseguke.

Magdalena anamukhazika Jesinta pamiyendo, n'kumumwetsa phalalo ndi chikhatho monga mwa masiku onse, pang'onopang'ono, akuuzira kuti lizizire. Mwanayo anali ndi njala, anali asanayamwe chiyambire mmawa. Anameza. Anamezanso. Mpaka anatambasula kadzanja kufuna lina.

"Mwaona?" anatero Magdalena, akumwetulira. "Mwaona mmene ali kudyera mwana wanga?"

Sipanapite nthawi. Jesinta anayamba kudzikanda kukhosi. Milomo inatupa, zikope zinatupa mpaka maso anabisika. Anasanza. Anafuna kulira koma mawu sanatuluke, kunangomveka kamluzu kopyapyala ngati ka bango loboola. Sing'anga anati ndi matenda akutuluka. Magdalena anamuwaza madzi, anamugwedeza, anamuitana ndi maina onse achikondi amene ankamuitanira. Kamluzu kaja kanacheperachepera, kenako kunangoti zii.

Pamenepo Sebastiano anamasula manja.

Esinala anayenda, sanathamange. Anamutenga mwanayo pamiyendo pa Magdalena, ndipo ulendo uno palibe anamuletsa. Anamupukuta phala kukamwa ndi nsonga ya nsalu yake. Anakhala pansi n'kumuika kubere, poti nthawi yoyamwa inali itapitirira kale. Akazi aja anayamba kulira maliro. Iye sanalire. Ankangoyang'ana mphika uja, mmene munali mutatsala phala la tsiku lina.

Pamaliro panalibe wofunsa chimene chapha mwana. Mayi wake anali atavomera yekha pamaso pa anthu, kenako n'kubweza mawu mankhwala ali m'kamwa mwa mwana. Ena anati sing'anga anachedwa kuitanidwa. Ena anati tsempho la munthu wa pasitima ndi loopsa chifukwa anthu amenewo amayenda m'maiko ambiri. Aliyense anapita kwawo atakhutira kuti nkhaniyo yamveka bwino.

Atameta maliro, achibale a Sebastiano anagamula kuti Esinala abwerere kwawo ku Kasisi. Sebastiano, amene adati sangamusiye, anangopempha kuti akhale iye womuolotsa mpaka kudoko la ku Nsanje, kumene akakwere bwato la amalonda. Anthu anamutama kuti ndi munthu wa mtima wabwino.

Mmawa wa ulendowo Magdalena anabwera kudoko, maso ali otupa, atachepa thupi ngati wadwala mwezi. Anali ndi kamfundo ka nsalu m'manja.

"Tenga," anatero, osamuyang'ana. "Wandiphera mwana, koma kwathu kuno munthu sachoka wopanda kamba wa panjira. Asakanene kwanu kuti Asena adakuthamangitsa ndi njala."

Esinala analandira ndi manja awiri, monga adaphunzitsidwira.

Bwato linalowa m'kanjira ka pakati pa bango. Sebastiano ankapalasa ali kumbuyo, iye ali kutsogolo atamufulatira. Mabere anali atamuuma gwa, mkaka ukudontha wokha n'kunyowetsa nsalu mpaka pamimba. Ntchentche zinayamba kutera pamenepo, iye sanaziingitse.

"Make Jesinta," anatero mwamunayo atafika pamadzi aakulu. "Ine ndidayesa. Udandimva ndikuwauza."

Anapalasa kawiri, n'kupitiriza.

"Mwina lidalidi tsempho. Mwina mankhwala sadagwire chifukwa wovomera sadali mwini wake. Ukuganiza bwanji iwe?"

Esinala anamasula kamfundo kaja. Munali mtedza wokazinga, wosankhidwa bwino, wothira mchere. Magdalena sadziwa kupatsa munthu chinthu choipa. Masabata onsewa Esinala anali asanaike mtedza m'kamwa. Anatola kambewu kamodzi, anakafikisa ndi zala, anauzira makoko pamadzi, n'kutafuna. Sanamve kukoma, sanamve kuwawa. Anatola kena.

Kenako anatembenuka n'kutambasulira mwamuna wake kansaluko.

"Idyani, bambo a Jesinta. Tsopano palibe amene ati atupe."

Sebastiano anayang'ana mtedzawo. Nkhafi inaima m'manja mwake, ndipo madzi anayamba kulikokera bwato chammbali, kutsika nalo kumunsi. Esinala sanabweze dzanja.